Kazitape M'sefuliya

"Sindikufunsa za mvula, bambo a Nelia. Ndikufunsa za sefuliya. Sefuliya ya amayi a mpingo ili kuti?"

A Wadson anapitiriza kupukuta nsapato zawo ngati kuti funsolo linali la nkhuku zomwe zinkapalasa pabwalopo. Linali Loweruka masana, ndipo nsapatozo zinkayenera kukawala m'tchalitchi mawa lake, pa benchi yakutsogolo pomwe pamakhala anthu amene safuna kuti Mulungu avutike powafunafuna.

"Ndakuuzani kale, mayi a Nelia, kuti ndaibwereka. Ikugwira ntchito ya komiti."

"Komiti ya padoko yayamba liti kuphika? Sefuliya imeneyo si yanga, anangondisungitsa. Mayi Anastasia, mkulu wathu wa amayi, atha nsapato kubwera pano kudzaifunsa. Kukagwa maliro mawa ndiwauza chiyani? Kuti aphikire m'chipewa chanu?"

"Muwauze kuti ikudontha, ili kwa owotcherera ku Ntaja."

"Ndiname m'malo mwanu?"

"Kunama kwake kuti? Kumeneko ndiye kusunga banja."

Scholastica anatsonya n'kukhala pansi pakhonde. Komwe kunali sefuliyayo ankakudziwa bwino lomwe, kungoti ankafuna kuti mwamuna wake anene ndi pakamwa pake, mwina manyazi angamugwire. Koma manyazi ndi a Wadson anasiyana kalekale, tsiku lomwe asodzi a pa doko lawo la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa anawasankha kukhala tcheya wa komiti yoyang'anira zausodzi.

Chaka chimenecho bungwe lina linabweretsa tizipangizo tokhoma pamphuno pa boti lililonse lalikulu. Kanali kanthu kongofanana ndi mtanda wa sopo, kagalasi kodyera dzuwa pamwamba, ndipo ntchito yake inali youza a ku ofesi ya zausodzi komwe boti lili. Asodzi sanavutike ndi dzina lake lachizungu, anangokatcha kazitape. A Wadson, monga tcheya, ndiwo anapita ku Liwonde kukaphunzira za akazitapewo. Kumaphunziroko anamvako zinthu ziwiri zokha: nthawi yolandira chakudya, ndi chenjezo loti kazitape asamavundikiridwe ndi chitsulo chifukwa amasiya kulankhula. Anabwerako atakhuta komanso atachenjera.

Nyanja itangotsekedwa kuti nsomba ziswane, atcheya anamasula kazitape pa boti lawo, n'kumugoneka m'sefuliya ya amayi a mpingo, n'kumanga chivundikiro ndi waya. Sefuliyayo anakaitsekera m'kanyumba ka komiti ka padoko, momwe ankasungamo maukonde olanda. Kiyi wa kanyumbako ankakhala pakhosi pawo, pa chingwe chimodzi ndi mendulo ya Maria. Ku ofesi anaimba foni kuti kazitape wawo wafa ndi mitambo.

"Nanga mawa mukumutumanso Chimango?" anafunsa Scholastica.

"Alamu akudandaula?"

"Ndikudandaula ndine. Ndi mchimwene wanga, tinatsala awiri okha m'mimba mwa amayi. Inu mukamaimba Aleluya kutsogolo kuja, iye amakhala akukoka khoka lanu kumalo oswera nsomba. Akagwidwa, agwidwa ndani?"

"Amugwira ndani? Ogwira anthu ndi komiti, ndipo komitiyo ndine. Akatolika onse amakhala ku Misa. Asilamu Lamulungu amapita ku msika. Inu mayi, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ine anandimangirira pa nyanja, mukufuna ndizidya chingwe?"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Miyambi simaphika ndiwo. Milamba ya sabata yatha munadya ndi anthu ake omwewo a miyambi."

Scholastica anadyadi milambayo, ndipo inali yonona. Chimenechi ndicho chinkamuwawa koposa: mlanduwo unali utalowa kale m'mimba mwake ndi mwa ana ake.

Mkati mwa sabata yotsatira atcheya anaitanitsa anthu padoko kuti adzaone chilungamo. A Wadson ankachikonda chilungamo ngati chili ndi owonerera. Tsikulo wolakwa anali Saida, mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti, yemwe anamupeza ndi kaukonde kosokasoka komwe anasiya malemu amuna ake. Sanamupeze nako m'madzi ayi. Kanali pa mpanda wa bafa, koma kanali konyowa.

"Atcheya, wallahi, kwagwa mvula usiku wonse," anatero Saida, atagwada pa mchenga. "Ngakhale mbuzi zanga zanyowa. Nazonso zinapita kunyanja?"

Anthu anafuna kuseka koma anameza, popeza aliyense anali ndi ukonde wake kunyumba ndipo kumwamba kunali kukadali mitambo.

"Lamulo lilibe chifundo, amayi," anatero a Wadson, atatulutsa chifuwa. "Nsomba zikatha, adzukulu athu adzadya chiyani? Ine ndinalumbira kuteteza nyanja iyi. Ukonde wogwidwa nyengo yotseka umawotchedwa, ndipo woyatsa ndi tcheya, palibenso wina. Lamulo limeneli ndinaliika ndekha, ndipo ngakhale ukonde utakhala wa amayi anga ondibala, ndingayatse ndi dzanja lomweli."

Anapisa m'thumba, koma machesi awo anali atanyowa ndi mvula yomwe ija ankaikana. Anayang'ana uku ndi uku, palibe yemwe anawapatsa. Mapeto ake anatuma Saida yemweyo kuti akatenge machesi kunyumba kwake, ndipo mayiyo anapita, n'kubwera nawo, n'kupereka ndi manja awiri. Kaukondeko kanapsa msanga, kanali kochepa. Saida anatola bokosi lake la machesi pomwe atcheya analiponya, n'kulimanga kunsonga ya chitenje. Scholastica anaima kumbuyo kwa gulu, manyazi akumuyabwa thupi lonse.

Pobwerera anadzera kwa mchimwene wake. Anamupeza Chimango akusula mpini pansi pa mtengo wa mango, mkazi wake woyembekezera atagona pa mphasa pakhonde, miyendo itatupa.

"Achimwene, siyani ntchito imeneyi. Ndaona lero zomwe alamu anu achita kwa Saida, mtima wanga sukukhazikika."

"Ndisiye ndidye chiyani, achemwali? Chimanga chinatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike. Awa mukuwaonawa akuyembekezera mwezi wamawa. Komanso ndikakana, nyanja ikatsegulidwa boti londilemba ntchito ndi la ndani? Aliyense padoko pano amayetsemula atcheya akamva chimfine."

"Boti limenelo ndi lachikasu ngati dzungu. Munthu ali ku phiri angalione."

Zinali zoona. A Wadson atagula botilo analipaka utoto wachikasu kunja ndi mkati momwe, mpaka mipando, kuti aliyense azidziwira patali kuti kukubwera bwana. Pa nyanja yonseyo panalibenso lina lotero.

Chimango anaseka pang'ono. "Alamu anaganiza kale zimenezo. Tisananyamuke timalimata matope akuda m'mbali monse. Munthu ali kumtunda amangoona ngati chitsa. Tikabwerako timatsuka m'mabango, nsomba n'kudutsa njira yachidule kupita kwa owamba, mawa lake zili pa msika ku Liwonde ndi ku Balaka."

"Nanga mkati mwake mumamatanso?"

"Mkati adzaonamo ndani, achemwali? Akakowa?"

Lamulungu lotsatira kunacha koyera mbee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, ngati kuti dzinja lapita kukacheza kwina. A Wadson anafika kutchalitchi molawirira, nsapato zili waliwali. Anawerenga mawu a Mulungu, anatsogolera mapemphero a anthu onse, napempherera mwapadera "asodzi ouma mitima amene akuba m'nyanja yathu." Scholastica, ali pakati pa amayi anzake, analephera kuyankha Amen. Maso ake anali pawindo loyang'ana kunyanja.

Patapita masiku angapo kunafika njinga yamoto pakhomo pawo. Anatsika mtsikana wovala jombo, chikwama cha kompyuta kumsana. Anali Luckness, mlangizi wa ku ofesi ya zausodzi, yemwe a Wadson ankamutcha "mwana wathu" pamaso, kumbali n'kumati kamtsikana kosadziwa kusiyanitsa matemba ndi milamba. Anamulandira ndi manja awiri, namukhazika pa mpando wabwino, n'kuitanitsa tiyi. Scholastica anabweretsa tiyiyo, ndipo sanafulumire kuchoka.

"Atcheya, ndayamba kubwera kwa inu chifukwa ndinu mwini doko," anatero Luckness akutsegula kompyuta. "Pali boti lomwe likulowa kumalo oswera nsomba."

"Ayi, zosatheka. Ndi maso angawa? Akazitape akuti chiyani?"

"Akazitape onse olankhula ali kumtunda, phee. Koma sitidalira iwo okha. Kumwambaku kumadutsa makina otchedwa setilaiti, amajambula nyanja yonse. Ife timatenga chithunzicho n'kuchisanjika ndi malo omwe akazitape akunena. Boti likaoneka pa chithunzi koma palibe kazitape wonena kuti ndili pano, limenelo ndiye timalifuna. Kungokhala chete kwakeko n'komwe kumaliulula."

A Wadson anaika kapu pansi. "Zimenezo sanatiuze ku Liwonde."

"Anatiuza, atcheya. Linali phunziro la masana, titangomaliza kudya."

Scholastica anatsokomola kuti abise kuseka. Ankamudziwa mwamuna wake akakhuta.

"Masabata ambuyomu kunali mitambo, tinkangoona kuti pali chinthu koma osachizindikira," anapitiriza Luckness. "Lamulungu lapitali kunayera. Taonani."

Pa galasi la kompyuta panali madzi otuwa, mabango obiriwira m'mbali, ndipo pakati penipeni pa malo oletsedwa panali kamzere kachikasu, kowala ngati nthochi yakupsa yogwera m'thope. Kumbuyo kwake kunali uta waukulu wa khoka. Matope onse aja omwe Chimango ankamata m'mbali, kumwambako sanaoneke ndi pang'ono pomwe.

"Mwina ndi chigubu," anatero a Wadson.

"Chigubu chotalika ngati nyumba yanuyi, chokoka khoka?"

"Kapena ndi a ku Mozambiki."

"Ndazungulira madoko onse, atcheya. Boti lopaka chikasu mkati ndi limodzi."

Pamenepo munthu wamba akanagwa pansi n'kupepesa. Koma a Wadson sanafike pa utcheya ndi kupepesa. Anagwira pamtima, natseka maso, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Lamulungu m'mawa, mwati? Mwana wathu, Lamulungu m'mawa ine ndinali pa guwa, mpingo wonse ndi mboni. Ndiye kuti andibera. Njoka ndaweta ndekha m'nyumba. Wosamalira boti limenelo ndi mlamu wanga Chimango."

Luckness ananena kuti abweranso ndi wapolisi kudzachititsa msonkhano padoko, ndipo khoka ndi boti zikhale pomwepo. Njinga yamoto itangozimirira pa njira ya ku Ntaja, Scholastica anatembenuka.

"Mwati chiyani, bambo a Nelia?"

"Khalani pansi tikambirane ngati anthu akulu."

"Mwati mchimwene wanga ndi mbala?"

"Tamverani. Mlandu wopha nsomba nyengo yotseka ukagwera ine, utcheya watha, boti lapita, ana anu asiya sukulu. Ukagwera alamu, ndi munthu wamba, alibe chotaya. Tinene kuti anaba boti ine osadziwa, kazitape anamuzula n'kumutaya m'madzi. Akakhalako pang'ono, n'kutuluka. Ine ndizikamuona, ndizimupititsira sopo ndi shuga."

"Mlandu wakuba boti ndi wokakhalako pang'ono? Mkazi wake akachira ndani adzakhale pakhomo? Mwana adzabadwe bambo ake ali kundende chifukwa cha milamba yomwe mwadya inu?"

"Yomwe tadya, mayi a Nelia. Musamadzichotsemo."

"Chaona mnzako chapita, bambo, mawa chili pa inu."

"Mawa lake limenelo tidzaliona mawa. Kodi anankungwi sanakulangizeni kuti mkazi amavundikira za m'nyumba? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munadya za utcheya, lero musenze za utcheya."

"Anandilangizanso kuti chibale ndi fupa, sichiola."

"Ndiye sankhani. Fupa lanulo likugulirani ufa? Likulipira sukulu ya Nelia? Ine ndikagwa, denga ili likugwera inu ndi ana anu, osati Chimango."

Scholastica anayang'ana denga lamalatalo, lomwe linabwera ndi nyanja yomweyo. Zoonadi khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Akamenya mwamuna aswa nyumba, akasiya ndiye kuti wapereka mwana wa amayi ake kwa apolisi ndi manja ake. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti iye ankamukonda mwamuna wakeyo. Anamukonda kuyambira ali ndi bwato lobooka ndi malaya amodzi, asanaphunzire kuyenda chifuwa chili patsogolo.

A Wadson anaona kuti mkazi wawo wafooka, ndipo msodzi sasiya chingwe nsomba ikatopa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kolona ya malemu apongozi awo, yomwe Scholastica ankaisunga pansi pa pilo.

"Gwirani iyi. Lumbirani kuti pamsonkhano paja simutchula boti, simutchula kazitape, simunena kuti ndinatuma munthu."

Anaigwira. Misozi ili m'masaya, analumbira mawu onsewo monga momwe anamuuzira. A Wadson anapuma mozama, nafunsa ngati tiyi watsala.

Tsiku la msonkhano doko linadzaza. Ngakhale omwe sanaphepo ndi nsomba imodzi yomwe m'moyo wawo anabwera, poti nkhani ya chithunzi chochokera kumwamba inali itazungulira midzi yonse, ndipo ena ankati chimaonetsa ngakhale munthu ali kuseri kwa tchire. Amuna angapo anafika atavala zipewa zazikulu. Boti lachikasu linakokeredwa kumtunda, khoka litaunjikidwa pambali pake ngati chulu. Luckness anakhala pa tebulo ndi kompyuta yake, wapolisi ataima pafupi ndi Chimango, yemwe anakhala pa mchenga mutu uli pansi. Chapatali pansi pa mtengo, amayi a mpingo motsogozedwa ndi mayi Anastasia ankasonkha moto, poti mwambo wa padokopo unali woti alendo a boma sabwerera ndi njala, ndipo woyang'anira zophika ndi mkazi wa tcheya.

Chimango atafunsidwa anayankha mwachidule. "Ndinapitadi kunyanja, sindikana. Koma sindinabe boti. Anandituma ndi alamu."

"Pali mboni?" anafunsa wapolisi.

Anzake omwe ankakoka nawo khoka anali aganyu a kutali, ndipo anali atasungunuka kale ngati mchere. Asodzi a padoko, omwe ambiri ankadziwa zonse, anayamba kuyang'ana zala zawo zakumapazi. Chimango anakweza maso n'kuyang'ana kwa mlongo wake. Scholastica anawerama n'kumakankha nkhuni zomwe zinali kuyaka kale bwinobwino.

Kenako anaimirira a Wadson. Ha, munthu analankhula tsiku limenelo! Anayambira pa Adamu ndi Hava, nadutsa pa Yudasi, n'kudzafika pa Chimango. Anati mtima wawo wasweka. Anati chilungamo chilibe mlamu. Anati kazitape wa boti lawo anazulidwa ndi dzanja la mbala n'kuponyedwa pakati pa nyanja, ndipo iwo analira atamva.

"Ine ndi munthu wosabisa kanthu," anatero, akutulutsa chingwe cha pakhosi n'kuchikweza m'mwamba. "Onani kiyi uyu wa kanyumba ka komiti. Chilandirireni utcheya sanachokepo pakhosi panga. Ndimagona naye, ndimasamba naye. Ngakhale mkazi wanga sanamugwirepo. Chilichonse chili m'kanyumba kaja ndinaikamo ndine, ndi dzanja langa, ndipo palibe chinasowapo. Ndi angati mwa inu anganene zotero?"

Ena anawomba m'manja, makamaka omwe maukonde awo anali asanalandidwe. Wapolisi anamasula unyolo pa lamba wake n'kuuza Chimango kuti aimirire. Mkazi wa Chimango, yemwe anadzikoka kubwera ndi mimba yakeyo, anayamba kulira chapansipansi.

Scholastica anamva kulirako kukumulowa m'mafupa. Anapukuta manja pa chitenje. Anayenda kudutsa pakati pa gulu, nakagwada patsogolo pa tebulo monga achitira mkazi waulemu.

"Pepani akuluakulu, ndadula nkhani. Ine za milandu sindizidziwa. Koma alendo adya, ndipo miphika tili nayo ndi yaing'ono. Atcheya, ndimapempha sefuliya ya amayi a mpingo ija munatsekera m'kanyumbamo."

Nkhope ya a Wadson inachita ngati yathiridwa phulusa. "Mayi a Nelia, ino si nthawi ya miphika."

"Sefuliya yathu?" Anali mayi Anastasia, akubwera ndi mthiko m'manja. Mayi ameneyu ngakhale bambo mfumu a parishi ankamulambalala. "Scholastica, si paja munati ili kwa owotcherera ku Ntaja?"

"Ndinauzidwa kuti ndinene choncho, mayi."

"Ndiye ili m'kanyumba ka maukonde? Sefuliya yomwe tinasonkherana amayi a mpingo wonse, yophikira pa maliro ndi pa ubatizo, ikugona ndi makoswe? Atcheya, tsegulani."

"Amayi, tikamaliza msonkhano..."

"Msonkhano wanu ndi wa nsomba, ife tikunena za sefuliya. Mwanena nokha kuti simubisa kanthu. Kiyi ali m'manja mwanumo, simuchita kukamufuna kutali."

Amayi ena anali atafika kale kumbuyo kwake, manja m'chiuno. Luckness anayang'ana wapolisi, wapolisi anayang'ana a Wadson, n'kunena mofatsa kuti iyenso njala yayamba kumupweteka. Panalibe kothawira. Fisi akagwa m'mbuna salankhula: atcheya anayenda okha kupita ku kanyumbako, gulu lonse likuwatsata, n'kukatsegula loko.

Scholastica analowa n'kutuluka nayo sefuliyayo, naiika pa mchenga dzuwa likuswa mtengo. Waya anali womangidwa mfundo zolimba za msodzi. Anamasula pang'onopang'ono, osayang'ana munthu, ndipo atamaliza anachotsa chivundikiro n'kubwerera m'mbuyo.

M'katimo munali kazitape, atagona pa udzu wouma ngati dzira. Kwa kanthawi anangokhala duu. Kenako kanyali kake kobiriwira kanaphethira, n'kuphethiranso. Pa tebulo paja kompyuta ya Luckness inalira kamodzi.

"Wadzuka," anatero Luckness, atapita kukayang'ana. "Akuti ndine wa boti la a Wadson, ndipo ndili padoko."

"Ameneyu ndiye anamira pakati pa nyanja uja?" anafunsa mayi Anastasia, akusuzumira m'sefuliyamo. "Koma ndiye amadziwa kusambira. Mpaka kudzitsekera yekha ndi loko."

Kuseka komwe anthu anakumeza tsiku la Saida kunatuluka tsopano ndi chiwongoladzanja chake. Asodzi omwe aja ankayang'ana zala zawo anapeza mawu mwadzidzidzi, aliyense akuti iye ankadziwa kalekale, ndipo anatsala pang'ono kunena. Anthu ndi otero, mtengo ukagwa aliyense amakhala ndi nkhwangwa. Wapolisi anangochoka pomwe anaima pambali pa Chimango n'kukaima pambali pa a Wadson.

"Achimwene inu mlandu wolowa m'nyanja yotseka ulipobe, mukauyankha," anatero kwa Chimango. "Koma wakuba palibe. Pitani mukagone kwanu, mubwere ndikakuitanani."

Chimango anakhala pansi pomwepo, nagwira kumaso. Mkazi wake anasiya kulira n'kuyamba kuseka, kenako n'kuyambanso kulira.

A Wadson anasendera kwa mkazi wawo, mawu ali pansi. "Munalumbira. Pa kolona ya amayi anu munalumbira."

"Ndinalumbira, bambo a Nelia. Mwandimva ndikutchula boti? Mwandimva ndikutchula kazitape? Ine ndafunsa sefuliya ya eni ake."

"Mwaphwasula nyumba yanu ndi manja anu."

"Ndikudziwa," anatero Scholastica, ndipo misozi inatsika osaibisa, chifukwa ankadziwadi. Boti linali kupita, sukulu ya Nelia inali pa mphepo, ndipo munthu yemwe anagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi mwina sadzamuyang'ananso kumaso. Sanamve kukoma kulikonse kwa kupambana. Anangomva kupepuka kwa munthu yemwe watula mtolo womwe sunali wake.

Luckness anatseka kompyuta. "Boti tikulisunga ife mpaka mlandu utatha. Nanga khokali, lamulo lanu la padoko pano limati chiyani?"

"Limawotchedwa," linayankha gulu.

"Woyatsa ndani?"

Wina kumbuyo anakumbutsa kuti komiti sinakhale pansi kuchotsa munthu pa mpando, choncho tcheya anali yemwe uja, ndipo lamulo analiika yekha, la dzanja lomweli, ngakhale ukonde utakhala wa amayi ake omubala. Anyamata anathira mafuta pa khoka lija, khoka lalikulu lomwe linkafuna amuna khumi kulikoka. A Wadson anaima patsogolo pake akupisapisa m'matumba, kumanja, kumanzere, m'thumba la malaya.

"Ndilibe machesi," anatero, mawu akumveka ngati a munthu amene wapeza kabowo kothawira.

Gulu linapatuka pang'ono. Saida anabwera mosafulumira, akumasula mfundo ya kunsonga ya chitenje chake. Anagwada pa mchenga monga anagwadira tsiku lija, n'kupereka bokosilo ndi manja awiri.

"Anatsala aja, atcheya. Ndinawasunga pouma."

Scholastica sanafune kuona zotsalazo. Anapereka kazitape kwa Luckness, nakhuthula udzu uja, n'kusenza sefuliya pamutu kuti akaitsuke alendo asanafe ndi njala. Podutsa anagwira phewa la mchimwene wake, ndipo Chimango anadzuka n'kumutsata kukamuthandiza kutunga madzi. Kumbuyo kwawo anamva kamtengo ka machesi kakuthyoka, kenako kachiwiri, kenako mawu a Saida, ofatsa ngati a munthu wolangiza mwana.

"Musafulumire, atcheya. Alimo ambiri."